Amuna Anga Anatsala M'sitima Yomira

Linali Lachitatu, sitima ya m'ma teni koloko itangodutsa pa mlatho wa Chiromo, pamene amuna anga a Zuze anandipeza kuseri kwa nyumba n'kunena kuti, "Mayi a Malita, mangani katundu. Tikupita kunyanja yamchere." Chaka chimenecho madzi a Ruo anatenga thonje lathu lonse ndi bwato lomwe, ndipo tinkadya nyika, mizu ya m'dambo ija imene munthu amakumba njala ikafika povuta. Msuweni wawo wogwira ntchito pa njanji ndiye anawauza kuti kum'mwera kwa Beira kuli Mpwitikizi wofuna munthu wodziwa madzi, ndi mkazi wochapa.

Ine sindinatsutse. Chinandivuta ndi mwana. Malita anali atangosiya kuyamwa, ndipo apongozi anga anati, "Mwana wa pakhomo pano sapita kumene sitikudziwa." Kwathu ndi kwa Tengani. Anandilowola ndi ng'ombe, ndiye mwana ndi wa kuchimuna, ine ndimakhala naye ngati akwawo andisunga. Ndinamusiya atagwira nsalu ya agogo ake.

Mpwitikiziyo, mwini boti, tinkangomutcha Patarau, ndiko kuti bwana. Ntchito yake sinali ya nsomba. Ankanyamula azungu obwera kutchuthi kuchokera ku Halale ndi ku Joni, n'kupita nawo kutali kumene mtunda suoneka bwino, pamalo pamene panamira sitima yaikulu kalekale pamodzi ndi anthu ake. Azunguwo ankavala zovala za mphira zakuda, magalasi kumaso, zipsepse kumapazi ngati achule, ndi botolo la mpweya kumsana. Ankadzigwetsa chagada m'madzi, amuna ndi akazi omwe, n'kutsetsereka ndi chingwe mpaka pa sitimayo. Potuluka ankaseka, wina atagwira sipuni yadzimbiri imene watola kumeneko. A Zuze ankaponya nangula, kupopa mpweya m'mabotolo ndi kukokera alendo m'boti. Ine ndinkatsala kumtunda. Ndinkatsuka zovala za mphirazo ndi madzi akumwa, kuziyanika pamthunzi chifukwa dzuwa limazing'amba, n'kukonza buledi ndi tiyi wa alendo.

Atabwera koyamba kuchokera kunyanja, a Zuze anandiitana.

"Mayi a Malita, anthu awa amalipira ndalama kuti akaone manda."

Ndinaseka, ndimayesa nthabwala.

"Zoona. Ine ndiye wowatsegulira khomo."

Kwathu munthu salowa kumanda popanda maliro. N'chifukwa chake mawu amene tinkatumiza kumudzi kudzera kwa msuweni uja anali akuti a Zuze ali pa boti, basi. Tinkatumiza ndalama, shuga, tsiku lina kadiresi ka Malita kamene kanafika katachepa kale. Alamu anga a Fombe, akulu awo a Zuze, anabweza mawu akuti, "Mumagwira nsomba zanji kumeneko? Titumizireniko yowamba tilawe." A Zuze anaseka mpaka kutsokomola. "Ndiwauze kuti timavuula azungu, mawa n'kuwabwezeranso m'madzi?"

Anthu akumeneko Chisena sankachimva, Chimang'anja ndiye n'komwe. Boti likachoka m'mawa ndinkatha tsiku lonse osatsegula pakamwa. Zovala zija zikakhala pa chingwe zinkaoneka ngati anthu opanda mitu, ndipo nthawi zina ndinkazifotokozera za Malita.

M'chaka chachitatu, tsiku lina masana, boti linabwera mochedwa. Ndinawerenga mitu ndili pa mchenga, wa a Zuze panalibe. Anandifotokozera ndi wophika wa pamalopo, amene ankamva Chisena pang'ono. Nangula anakola m'zitsulo za sitima ija. Patarau sanafune kudula chingwe, alendo anali atatopa, ndiye a Zuze anatenga botolo limene mlendo wina anagwiritsa kale ntchito, mpweya utachepamo, n'kutsika. Anali atachitapo zimenezi kangapo. Nangula anamasuka. Iwo sanatuluke.

Kwathu munthu akamira, abale amakhala pa doko mpaka madzi atamubweza, ndipo mkazi wake sachokapo. Ndinkazidziwa kuyambira ndili mwana. Ndinakhala pa mchengapo mpaka kunacha. M'mawa Patarau ndi azungu awiri anakafunafuna, anabwera chimanjamanja. Anati madzi akukoka kwambiri, ndipo m'sitimamo muli zipinda zoti munthu sangalowe. Dzuwa lili pamutu, mkazi wa Patarau anabwera, anandigwira paphewa bwinobwino, n'kunena kudzera mwa wophika kuti alendo atsopano afika ndipo zovala sizinatsukidwe. Chipinda chimene ndinkagona chinali chawo. Ndalama ya sitima yobwerera kumudzi ndinalibe. Panalibe wondiuza m'chinenero changa kuti khala pomwepo.

Ndinadzuka. Ndinakatsuka zovala, kuphatikizapo zimene anavala ofunafuna aja. M'mawa mwake boti linapita pa sitima yomweyo, ndipo buledi amene anadya kumeneko ndinadula ndine.

Ndinagwira ntchito mpaka mwezi unatha. Mayi wina wa ku Halale, atamva za ine, anandipatsa mpango n'kuuza wophika kuti andiuze kuti pansipo m'pokongola kwambiri, pali nsomba zamawangamawanga, amuna anga agona pamalo abwino. Ankanena ndi mtima wabwino, misozi ili m'maso. Ine ndinagwada n'kuthokoza. Mpaka lero ndikakumbukira kuthokoza kumeneko manyazi amandigwira.

Ndinabwerera kumudzi pa sitima ya pamtunda ndi bulangete la a Zuze ndi nsapato zawo. Ku Chiromo anyamata a chipani anandiimitsa kuti ndionetse khadi. Ndinalibe, ndiye ndinagula. Mtima wanga unali pa chinthu chimodzi: akuchimuna akamva zonse adzandibweza kwa Tengani, Malita adzatsala.

Uthenga wa imfa unali utafika kale. Anthu anasonkhana, tinalira. Kulira kutatsika, a Fombe anayamba kufunsa monga amafunsira asodzi.

"Mlamu, anamira dzuwa lili pati?"

Ndinawauza.

"Madzi ankapita kapena ankabwera?"

Ndinati sindikudziwa.

"Nanga ankakoka ukonde kapena anagwa?"

Apa ndinafotokoza zonse, za azungu, mabotolo ndi sitima ya anthu akufa. Mkulu wina kumbuyo anati, "Asa! Kusewera pamanda?" Wina anamuletsa. A Fombe anapitiriza kufunsa.

"Chabwino. Nanga pa doko anakhala ndani?"

"Ndinakhala ine, alamu."

"Mpaka liti?"

"Mpaka mawa lake masana."

"Kenako?"

"Kenako ndinakachapa."

Palibe anandikalipira. Bwenzi zili bwino akanakalipa. A Fombe anadzuka n'kupita kwawo. Malita, amene sanandizindikire, anabisala kumbuyo kwa agogo ake. Katundu wanga sindinamasule, ndinkadikira mawu.

Patapita masiku, m'mawa, apongozi anaima pakhomo panga atanyamula mphasa.

"Nyamuka."

Ndinatenga mtolo wanga. Iwo anati, "Zimenezo siya." Sitinalowere njira ya kusiteshoni, tinatsikira kumtsinje. Anayala mphasa pa doko, n'kuloza Shire ndi chibwano.

"Madzi awa akupita kuti?"

"Ku Zambezi, amayi."

"Nanga Zambeziyo?"

"Kunyanja."

"Ndiye khala. Doko lake ndi lino."

Tinakhala. Dzuwa lisanakwere kwambiri amayi ena anabwera ndi mphasa zawo. Asodzi amene anali atakankha kale mabwato anawakokeranso kumtunda n'kuwavundikira. Inali nyengo ya mlamba, ndipo m'nyumba zambiri munalibe ndiwo, koma palibe bwato la m'mudzi mwathu limene linalowa m'madzi masiku amene tinakhala pamenepo. A Fombe anabwera tsiku lachiwiri, anakhala patali, chakumbuyo kwanga. Tonse tinkadziwa kuti madzi sakwera kuchoka kunyanja kubwera ku Chiromo. Tinkayang'anabe.

Ine ndinali nditazolowera kuona boti likupita m'mawa uliwonse, kaya kwagwanji. Ndinaiwala kuti kuli kwina kumene ntchito imaima chifukwa cha munthu mmodzi. Ndinalira pa dokopo kuposa mmene ndinalirira ku mchenga kuja. Apongozi anadikira kuti ndimalize.

"Usaganize kuti takhalira iwe," anatero. "Takhalira iye."

"Ndamva, amayi."

"Koma kukhala wakhala. Mawa tikwirira thunthu la nthochi m'bulangete lake m'malo mwa mtembo, tikatero umasule katundu. Mwana akuiwala nkhope yako."

Tinatero. Manda a a Zuze ali m'nkhalango ya m'mudzi, kumene palibe amalowa kukangoona. A Fombe anakhala zaka osanditchula dzina, ndipo nkhani ya ntchito ya mng'ono wawo sanafune kuimvanso mpaka anamwalira. Malita ndinamulera ndekha pakhomo pomwepo. Ndinamuuza zonse atakula.

Tsopano ndimagulitsa nsomba zowamba pa msika wa Chiromo. Ndikamva kuti munthu wamira, kaya wa m'mudzi mwathu kaya mlendo, ndimavundikira dengu, ndimatenga mphasa, n'kupita kukakhala pa doko mpaka achibale atanena kuti tinyamuke.