Bowo la kumanzere

Ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi pamene malume anga, a Nkhoma, anadzanditenga ku Ntcheu n'kubwera nane ku South Bend, ku America. Kwathu ndinali nditalekezera Sitandade 8. Sukulu ya kuno sinandikonde, nanenso sindinaikonde. Chingerezi chawo chinkathamanga, ine n'kumatsala. Ndikalephera chinthu ndinkapsa mtima. Ndinkataya mabuku, kumenyetsa zitseko. Tsiku lina ndinathyola mpando wa m'kalasi.

Malume ankakonza makina pachipatala. Loweruka ankapita ku kalabu ya owombera mfuti, kunja kwa tauni, kuseri kwa minda ya chimanga. Tsiku lina ananditenga. Ndinkayesa kuti tikukasaka nyama. Ayi. Anthu ake ankawombera mapepala, ali chikhalire. Mfuti imagona patebulo la simenti, kutsogolo itatsamira pachitsulo, kumbuyo pakathumba ka mchenga. Iwe ntchito yako ndi kusuzumira m'galasi loonera patali la pamfuti, kudikira mphepo, n'kukhudza thiriga, kachitsulo kolizira mfuti, pang'onopang'ono ngati ukuchotsa kachitsotso m'diso la mwana. Zipolopolo zisanu, mtunda wa mayadi handiredi. Wopambana si amene walasa pakati. Ndi amene mabowo ake asanu ayandikana kwambiri.

Izi sizinandilowe. Kwathu ndinali katswiri wa legeni. Njiwa ukaiphonya waiphonya, ndiwo palibe.

"Pano palibe njiwa," anatero malume. "Chipolopolo choyamba chikapita, pomwe chaboola ndi pomwe pali pakati pako. Zinayi zotsalazo uzilondolere pomwepo."

Ndinagwedeza mutu. Mtima unakana. Choyamba chikapita pambali, ndinkathamangira kukalasa pakati penipeni, mabowo n'kumwazikana ngati zitosi za nkhuku. Kenako ndinkamenya tebulo ndi chibakera.

Akazi awo a malume, Anti Esinati, anali nesi. Anali ataona kuchipatala zomwe mfuti imachita, ndipo sankaifuna. Atamva za tebulo anaika supuni pansi.

"Mwana wothyola mipando mukumupatsa mfuti?"

"Akuphunzira kudekha," anayankha malume.

"Akuphunzira kapena mukumuyesera?"

Nthawi imeneyo kalabu ina, kunja kwa Indianapolis, inali itapempha malume kuti akayendetse mpikisano wawo. Malume anandilembetsa m'gulu la achinyamata. Anti anati apita nawo.

"Ndasintha shifiti. Ndikakhala kumbuyo kwako, Limbani. Ndikakuona wakwiya, ngakhale kungomenya tebulo, basi zatha. Loweruka uzikhala pano n'kumatsuka galimoto."

Loweruka linali tsiku lokhalo limene ndinkadzimva kuti ndine munthu.

Milungu itatu tinagwira ntchito m'garaja. Mpikisano uli ndi zambiri zomwe anthu saziona. Ndinalemba manambala pamapepala onse. Ndinadula timbendera toonera mphepo kuchokera ku zikwangwani zakale zapulasitiki. Michira yake inasowa nsalu yopepuka, ndiye malume anabwera ndi chitenje chachikasu n'kuti ndichidule timizere. Sindinafunse mwini wake.

Chinthu chachikulu chinali mapepala akumbuyo. Kuseri kwa pepala lililonse lowombera kumakhala lina loyenda pang'onopang'ono. Zipolopolo zikalowera bowo limodzi kutsogolo, pakumbuyopo chilichonse chimasiya bowo lakelake, ndipo oweruza amawerenga. Malume ankayendetsa mapepalawo ndi timamota ta makina owotchera nkhuku, totola kosiyanasiyana. Garaja yonse inkanunkha mafuta akale a nkhuku.

"Malume, alipo munthu amene angalowetse zisanu pabowo limodzi?"

"Alipo. Iweyo ayi. Ndipatse sipanala."

Lachisanu tinatsikira ku Indianapolis, njira yonse chimanga ndi soya mbali zonse. Tinagona ku Beech Grove kwa anthu a mpingo wathu. M'mawa mwake tinafika pakalabu udzu udakali ndi mame. Tinazika timbendera kuyambira pamatebulo mpaka kumapepala. Anthu anayamba kufika, ambiri azungu achikulire, atanyamula mabokosi ndi khofi. Anti anatsika m'galimoto, n'kuyang'ana bwalo lonse likupepesuka chikasu.

"A Nkhoma. Chitenje changa cha chinkhoswe cha mng'ono wanga Alinafe chija?"

"Chikugwira ntchito ya dziko lonse, mayi," anatero malume, n'kufulumira kukatenga chimkuzamawu.

Poti iwo ndiwo ankalamula, sakanatha kundithandiza. Ndinakhala ndekha patebulo nambala naini. Simenti inali yozizira m'zigongono. Kumbuyo kwanga Anti anakhala pampando wopinda, zotseka m'makutu zili pamwamba pa duku, manja atapinda pachifuwa.

Mawu a malume anamveka. Mphindi zisanu ndi ziwiri. Yambani.

Ndinawombera ziwiri pamalo oyesera, m'munsi mwa pepala. Zinapita bwino. Ndinakweza mfuti pamalo enieni. Michira yachikasu inali italendewera phee. Ndikukhudza thiriga, yonse inanyamuka n'kuloza kumanzere. Mfuti inalira.

Ndinasuzumira. Bowo linali kumanzere, kutali ndi pakati, pafupi ndi mzere wa m'mphepete. Loyamba lenileni, pamaso pa anthu onsewo.

Ndinapsa mtima. Dzanja langa linadzipinda lokha n'kukwera m'mwamba. Ndinalimva likukwera. Ndinamvanso maso a Anti pamsana panga. Ndinaliyang'ana dzanjalo lili m'malere, ndipo ndinaona kuti ndi lopusa. Tebulo silinalakwe. Ndinalitsitsa pang'onopang'ono, n'kulitambasula pakathumba ka mchenga ngati ndimafuna kukakonza.

Ndinasuzumiranso. Bowo linali pomwe lija. Silikanasuntha. Ndiye ndinati, chabwino, pakati panga ndi pamenepo.

Mphepo yomwe inalikankhira kumeneko ndi imene ndinkaifuna tsopano. Ndinaloza mfuti pomwe ndinaloza poyamba, n'kudikira kuti michira ilozenso kumanzere. Inagwa. Inatembenukira kumanja. Anzanga mbali zonse ankawombera, ine chete. Malume analengeza kuti zatsala mphindi ziwiri, ndipo mawu awo anali ouma kuposa masiku onse.

Kenako chitenje chija chinadzuka. Mchira woyamba, wachiwiri, mpaka wotsiriza, yonse kumanzere. Ndinawombera. Kulowetsa china, kuwombera. China. China. Zinayi zinatha mphepo isanasinthe. Ndinachotsa chitsulo chotsekera mfuti.

M'galasi ndinaona bowo limodzi lokha, litangokula pang'ono, ngati njere ya nyemba.

Woyeza mapepala anali mkulu wina wa ndevu zoyera, a Dale. Analitembenuza pepala langa uku ndi uku, n'kuitana malume. Anati mwina mnyamatayu walowetsa zitatu, zinazo zadutsa kunja kwa pepala. Zikakhala choncho, chilango chake chinali chachikulu.

Malume anati sangaweruze, poti mwanayo ndi wawo. Anatuma munthu kukatenga pepala lakumbuyo la nambala naini.

Linabwera likadali ndi kafungo ka nkhuku. A Dale analiyala patebulo, n'kuwerenga ndi nsonga ya pensulo. Limodzi lili palokha. Kenako malo aatali opanda kanthu, nthawi yonse ija ndinkadikira. Kenako anayi, otsatizana ngati mabatani a malaya. A Dale anaimba kaluzu. Anayeza bowo lakutsogolo lija kawiri, n'kundigwira chanza ndi dzanja lawo lokhakhala.

Anti sanamve zonse, koma anaona nkhope ya malume. Anaimirira, anavula zotseka m'makutu, n'kululutira nthungululu. Pakalabu imeneyo anthu anazolowera kulira kwa mfuti, koma izi anali asanazimvepo. Bambo wina anataya khofi. Kenako onse anaseka n'kuwomba m'manja. Malume anaiwala kuti chimkuzamawu chili choyatsa, ndipo bwalo lonse linamva mawu akuti, "Mphwanga ameneyo!"

Tsikulo sindinapambane. Tinawombera maulendo ena anayi, ndipo ndinathera pakatikati pa mndandanda. Koma mwa achinyamata onse panalibe amene anandiposa pa ulendo woyamba uja, ndipo tebulo sindinalimenye.

Pobwerera ku South Bend Anti anagwira pepala langa njira yonse. Tili pakati pa minda analiyang'ana n'kupukusa mutu.

"Koma lili kumanzere. Ndiye mwati wachita bwino?"

"Wachita bwino," anatero malume.

"Masewera a anthu ophonya awa." Anatembenukira kumbuyo. "Dzanja lija ndinaliona, Limbani."

"Munaliona, Anti?"

"Ndinaliona likukwera. Ndinalionanso likutsika. Loweruka uzipita. Koma a malume ako andigulire chitenje."

Pepalalo linakhala pachitseko cha furiji mpaka linachita chikasu. Tsopano lili kwanga.

Sukulu sindinapite nayo patali. Ndinaphunzira kuwotcherera zitsulo, ndipo ndi zomwe ndimadyera. Kale ndinkadziwerengera anzanga amene analasa pakati, madokotala ndi aphunzitsi, n'kumaona ngati ine ndinaphonya. Lero sinditero. Choyamba changa chinagwera pambali, ndipo sindikanachibweza. Ndinangodikira mphepo n'kuika zinazo pafupi nacho: ntchito, banja, ana awiri. Zayandikana bwino.

Mpikisano uja tsopano ndimayendetsa ndine. Malume amakhala kumbuyo pampando wopinda n'kumandidzudzula. Timamota ta nkhuku tikuyendabe. Ndipo mwana akawombera choyamba n'kuchiona pambali, sindiyang'ana pepala lake. Ndimayang'ana dzanja.