Tsiku Limene Ndinaperekeza Alamu ku Linga

Alamu anga, mlongo wake wa mkazi wanga, si munthu wokonda zinthu zakale. Amakhala ku Nyimba, amagulitsa zitsulo za njinga zamoto, ndipo chinthu chikakalamba amangochiyang'ana ndi diso la pasikelo. Choncho atafika kunyumba kwathu ku Petauke Lachisanu lina n'kunena kuti akufuna kukandionetsa bwinja la azungu kufupi ndi Sasare, ndinaika kapu ya tiyi pansi n'kuwayang'ana bwinobwino.

"Si ndimwe muphunzitsa mbili yakale, alamu?" anatero. "Zaka zonse izi muuza bana za malinga ya mafumu ya ku Ulaya yamene munaona chabe pa pikicha. Na ise tili nalo lathu, na galadeni yake. Mailo m'mawa tiyende."

Anandigwira pofooka. Ndinabwera kuno kuchokera ku Kabwe boma litanditumiza kudzaphunzitsa, ndipo ndinali nditatopa kujambula pabolodi makoma amene sindinawakhudzepo. Komabe mtima unkakana. Munthu ameneyu chikwatirireni ine mlongo wake anali asanandifunsepo ngakhale dzina la sukulu yanga. Mkazi wanga ndiye anandikankha, akuti mwina mlongo wake wayamba kundiona ngati munthu.

Mawa lake tinanyamuka dzuwa lisanapse, ine kumbuyo kwa njinga yawo yamoto, kudutsa midzi ya ku Msanzala, fumbi mpaka m'mano. Alamu anali atakoleka chikwama pachifuwa. Ndinaona kuti chinali chopanda kanthu, ndipo nditafunsa anati n'cha mandimu.

Malowo anthu amangowatchula kuti Linga. Si nyumba ya mfumu, ndisaname, koma nditaliona ndinavula chipewa. Makoma ake ndi a miyala, okhuthala moti mkono wanga wonse sunafike mbali inayo, mawindo ang'onoang'ono ngati a nkhokwe ya njerwa. Denga linapita kalekale. Pakona imodzi mkuyu unamera pamwamba pa khoma n'kutsitsa mizu yake mpaka pansi, ndipo sukanadziwa ngati ukuligwetsa kapena ukuligwira. Ena amati munkakhala mkulu wa mgodi, ena amati munkasungidwa golide. Palibe amene ankadziwa zenizeni.

Munda wake ndiwo unandisokoneza mutu. Unatsetsereka kumunsi m'masitepe a miyala, mitengo ya mango yaikulu itaima pamzere wowongoka ngati ana pa asembule, nsungwi zili phwamwamwa kumapeto. Ngalande yoyalidwa miyala inkabweretsabe madzi kuchokera ku kasupe wina m'tsinde mwa phiri, kumtunda kwa Linga, mwezi wa Okutobala, mitsinje yonse itauma. M'mabedi momwe kale munali maluwa munali repu, matimati ndi anyezi, zobiriwira zokhazokha.

Mwini ndiwozo anatulukira kuseri kwa nthochi khasu lili m'manja. Anali mayi wa msinkhu wanga, wamfupi, wa maso osaphethira. Moni sanapereke.

"Mufuna chani?"

Ine ndinayamba kufotokoza m'Chinyanja changa cha m'tauni, koma alamu anandidula. Ananjuta, nawomba m'manja, nati, "Muli tyani, amama?" Kenaka analowa m'Chinsenga chozama chimene ine ndimangotolamo mawu awiri atatu. Anafunsana midzi, anafunsana kumene amayi awo anabadwira, anafunsana chiwongo. Kuno chiwongo chimatsata kwa mayi, ndipo anthu awiri akapezeka kuti n'chimodzi, ndi abale basi, ngakhale akumane koyamba pa basi. Chinapezeka chimodzi. Agogo a mayiyo nawonso anali ochokera ku Luembe. Nkhope yawo inamasuka, khasu analitsamiritsa pakhoma.

"Kansi ndimwe alongo anga," anatero. Kenaka anandiloza ndi chibwano. "Nanga aba?"

"Ni alamu, aticha. Ni ba ku Kabwe, koma sibaluma."

Alamu anaseka. Mayiwo sanaseke. Maso awo anali pa kope langa ndi bolopeni imene ndinakoleka m'thumba la shati. Anatiuza, akuyang'ana ine ndekha, kuti kale anali ndi munda wina kutsidya kwa phiri. Kunabwera anthu ovala bwino, olankhula mwaulemu, ali ndi makope. Anati angoona malo. Anatenga tidothi m'timapulasitiki n'kupita. Mvula isanagwe munda wonse unali maenje, anyamata ochokera kutali akukumba usana wonse, ndipo palibe amene anawafunsa. Amuna awo atamwalira anasamukira m'munda wa Linga uwu, n'kuchotsa tchire ndi manja awo. Ana awo ankadya ndi kuphunzira chifukwa cha madzi a m'ngalande ija.

"Apa nikachoka, nilibe kwina," anatero.

Kuyambira pamenepo sanandisiye. Ndikalowa m'chipinda, ali kumbuyo. Ndikaima, aima. Nditayamba kujambula khomo m'kope, anasuzumira paphewa langa.

"Mulemba chani?"

"Nijambula chabe chitseko, amai."

"Chitseko kulibe."

Ndinayenda m'mbali mwa khoma ndikuwerenga mapazi kuti ndidziwe kutalika kwake, iwo nkuti, "Manje mwayamba kupima." Ndinatola kachidutswa ka botolo lakale lobiriwira, iwo anangotambasula dzanja, ine n'kuwapatsa ngati mwana wogwidwa ndi choko cha sukulu. Kunena zoona ndinapsa mtima. Ine mphunzitsi, tsitsi layamba kuyera, kulonderedwa ngati mbuzi pafupi ndi dimba.

Nthawi yonseyi alamu kunalibe. Tisanalowe m'bwinjamo anali atafunsa kuti mandimu ali kuti, ndipo mayiwo anawalozera njira ya ku kasupe. "Kwelani kwamene kuchoka manzi, mutyole mweka," anatero, osatembenuka n'komwe. Mlongo salonderedwa.

Patapita nthawi ndinamva kaphokoso kuchokera kumtunda, go, go, go, chitsulo pamwala. Kanaleka, kanayambanso. Mayiwo ankandifotokozera mokakamizika za mtengo wina wa mango, ndipo mwina sanamve, kapena anaganiza kuti ndi wodula nsungwi. Ine ndinamva bwinobwino. Mandimu sathyoledwa ndi hamala. Ndinakumbukira chikwama chopanda kanthu chija.

Ndikanatha kulankhula pomwepo. Sindinatero. Kuneneza alamu ako pamaso pa mlendo, ulibe umboni, ndi nkhani yofika kwa apongozi dzuwa lisanalowe. Komanso, ndivomere, ndinali nditakwiya ndi mayiwo, ndipo sindinafune kuwapatsa mpata woti anene kuti ankadziwa. M'malo mwake, atandifunsanso kachitatu chimene tabwerera, ndinagwira pachifuwa.

"Amai, tabwela kuona chabe. Nilumbila pamaso pa Mulungu."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anagwedeza mutu pang'ono. Alamu anatulukira akutuluka thukuta, akusenda ndimu ndi mano. Anatsanzikana ndi mlongo wawo watsopanoyo mwachikondi, ine ndinangopatsidwa "muyende bwino" wouma.

Pobwerera alamu anati chikwama chikuwasokoneza poyendetsa, ndichibereke ine. Chinandikoka mapewa. Pa bampu iliyonse chinthu chosongoka chinkandibaya pamsana. Titafika pa kamlatho ka mtsinje wouma ndinawamenya paphewa kuti aime, ndinatsika, n'kutsegula zipi iwo akuona. Pamwamba panali mandimu okwana dzanja limodzi. Pansi pake panali hamala yaing'ono ndi timapulasitiki ta shuga todzaza dothi ndi miyala yoyera, kalikonse kolembedwa nambala.

"Ivi ni vichani, alamu?"

"Ni doti. Simuiziba doti, aticha?"

Ndinawakalipira mawu amene sindinganene pano. Ndinang'amba timapulasitiki tonse n'kukhuthulira mumchenga. Iwo anakhala panjinga akundiyang'ana, mikono itapindidwa, osakwiya n'komwe.

"Tayani, vina vili m'matumba ya buluku," anatero. "Koma zikomo, mwagwila nchito. Nenze naziba kuti mai uja azakonkha imwe, na magalasi yanu na buku. Nikanabwela neka sembe ananiyangana m'manja."

Apo ndiye ndinamvetsa chimene ananditengera. Sindinali mlendo wolemekezeka wokaonetsedwa mbiri yakale. Ndinali chinthu choti mayi uja aziyang'ana. Ndinafunsa ngati nkhani ya chiwongo inali yoona, iwo anati ndi yoona ndithu, ndipo n'chifukwa chake kuli bwino golide amupeze iwo, mbale, kusiyana ndi anthu akutali. Ndinakweranso njinga yomweyo chifukwa panalibe njira ina yofikira ku Petauke.

Mkazi wanga nditamuuza anati ndisamulowetse pakati pa mwamuna wake ndi mlongo wake. Kusukulu mayeso anali atayamba. Ndinadziuza kuti ndipita Loweruka, Loweruka linadutsa, linanso linadutsa. Chimene chinkandivuta kwambiri ndi lumbiro lija. Loweruka lachitatu ndinapeza wanjinga wa pa siteshoni n'kubwerera ndekha, kope ndi bolopeni nditazisiya kunyumba.

Ndinawapeza mayiwo pakhomo la Linga akumanga repu m'mitolo. Anali atavala chitenje chatsopano. Ndinanjuta monga anachitira alamu, ndinawomba m'manja, ndipo ndinawauza zonse, za hamala, za timapulasitiki, za manambala. Ndinapempha kuti andikhululukire chifukwa ndinamva kugogoda kuja koma sindinanene.

Anamvetsera mpaka ndinamaliza, manja osaleka kumanga.

"Alongo anga ananiuza kuti muzabwela," anatero. "Anati munayambana pa njila chifukwa anakukanizani kutenga doti yanga. Manje mwabwela kutipatukanya."

"Amai, si mwamene vinayendela."

"Nenze na maso. Wamene anapima khoma nindani? Wamene analemba m'buku nindani?"

Zonsezo ndinachitadi ine. Pomwepo kumtunda kwa Linga, cha ku kasupe, kunamveka piki. Siinali imodzi. Madzi a m'ngalande pafupi ndi mapazi athu ankabwera ofiira ndi matope.

"Nanga aja ni bandani?" ndinafunsa.

"Ni banyamata ba alongo anga. Anabaleta mailo kuti banikonzele kasupe, manzi yachuluke." Anaimirira n'kukutumula chitenjecho. "Ubale ni uja. Imwe yendani, aticha, ndipo osatolako kanthu."

Ndinabwerera kumsewu kumene wanjinga ankandidikira. Mayiwo anatola ndowa n'kukwera kumtunda kukawapatsa anyamatawo madzi akumwa.