Kilatchi ya patapata

Amalume anga atakwanitsa zaka makumi asanu, msana unayamba kukana ntchito. Tonse awiri tinkanyamula makatoni m'nyumba ina yosungiramo katundu ku Marlboro, mumzinda wa Joni, ndipo bwana sanabise mawu: dalaivala wa pikapu asiya ntchito pakatha miyezi itatu, amalume akapeza laisensi mpandowo ndi wawo, akalephera azibwerera ku Dedza. Mnzawo wa kutchalitchi ankawaphunzitsa kuyendetsa Lamlungu lokha, koma pofika Lachitatu miyendo inali itaiwala kale.

M'chipinda chathu ku Mayfair ndinali ndi kompyuta yakale yokhala ndi gemu ya mpikisano wa galimoto. Ndiye Loweruka lina ndinawatengera kusitolo ya zinthu zogwiritsidwa kale ntchito kuti tikasankhe chiwongolero ndi mapedulo ake. Anagwiragwira chilichonse ngati akusankha nkhuku pamsika. China chinali chaching'ono, akuti cha ana. China chinkanjenjemera m'manja galimoto ikagunda khoma, iwo n'kuchibweza msanga, akuti chili ndi malungo. Atapeza chowakomera anawerama n'kuwerenga mapedulo.

"Awiri okha? Nanga kilatchi ili kuti?"

Wogulitsayo, mkulu wina wa ku Chipata, anaseka. "Hayi madala, ivi ni vamasewera chabe. Kilatchi kulibe."

Tinagulabe. Kunyumba tinamangirira chiwongolero kutebulo, koma amalume atangokhota kamodzi tebulo lonse linakhota nawo, mpaka tinasanjikapo njerwa zinayi. Mapedulo ankathawa akawaponda, choncho anawakhomera pathabwa. Kenako anatenga patapata wanga wakale, naika siponji yotsukira mbale pansi pake, n'kumukhomera kumanzere kwa buleki. Kilatchi inali itapezeka. Kagalasi kanga kometera ndevu anakapachika kukhoma kuti aziona za kumbuyo, ngakhale kumbuyoko kunali bedi basi.

Amalume sankalowa m'nyumba ndi nsapato. Ankati misewu ya ku Joni yaponda anthu ambiri, nsapato zizitsala pakhomo. Motero miyezi yonse itatu ankayendetsa ndi mapazi okhaokha, tikangoweruka.

Ndipo mayendetsedwe ake! Anzawo a m'gemu akuuluka, iwo akuponda patapata, akuyang'ana pagalasi, akutulutsa mkono pawindo lomwe kulibe. Wina akawapitirira ankamukwezera dzanja: "Pitani achimwene, mwina muli ndi wodwala." Sanapambanepo ngakhale kamodzi. Ine ndinkaseka mpaka nthiti kuwawa.

"Malume, umenewu ndi mpikisano, pondani moto!"

"Mphwanga, iwowo akuthamangira chikho. Ine ndikufuna ntchito."

Tsiku la mayeso anavala nsapato zatsopano zosongoka, zolimba gwa, akuti munthu sapita kwa akuluakulu a boma ngati akupita kudimba. Ine ndinatsala kunyumba mtima uli m'mwamba. Ndinkadziwa kuti akalephera ndiwaperekeza kukakwera basi, ndipo kuseka konse kuja kunayamba kundichititsa manyazi.

Masana ndinawaona akubwera mumsewu, jekete paphewa, nsapato m'manja, akuponda phula ndi mapazi. Ndinangoti basi, zavuta, mutu wasokonekera.

"Malume, zayenda bwanji?"

"Eish, mphwanga, nsapatozi zikanandipha. Ndangoti ndinyamuke, galimoto thi, kuzima. Phazi silikumva kanthu, ngati ndabwereka la munthu wina. Ndiye ndamupempha woyesa uja m'Chizulu changa chothyokathyoka kuti, baba, ndiloleni ndivule nsapato."

"Ndiye anati chiyani?"

"Akuti vulani madala, bola musavulenso china."

Anapisa m'thumba la jekete n'kundipatsa pepala lodindidwa. Ndinaliwerenga kawiri, misozi ili mbwembwembwe, ndipo sindinaibise. Iwo anangolowa m'nyumba, nasiya nsapato pakhomo monga mwa masiku onse, n'kuyamba kuzula misomali ya patapata uja kuti andibwezere.

Lolemba ine ndinali kumbuyo kwa pikapu ndikukweza makatoni. Amalume anali kutsogolo, msana atatsamira bwinobwino, nsapato zili pampando wa pambali. Anatulutsa mutu pawindo, lenileni tsopano.

"Mphwanga, fulumira. Suja umati ndiponde moto?"