Mbale ya Ba Ticha

Inali mbale yachitsulo yoyera, yamaluwa ofiira m'mbali, yosupuka pamene inagwerapo pansi. Kwathu ku Kanyama inali yokhayo yoti mlendo n'kudyeramo. Ife tinkadyera pachivundikiro cha poto. Dzinja limene ndinafika msinkhu woyamba sukulu, mbale ija inapeza mwini wake: ba Ticha.

Masiku amenewo ana tinali ambiri, malo kusukulu ochepa. Amayi, amene ankagulitsa malasha pamsewu, anamva kutchalitchi kuti pali mphunzitsi wina wolemba maina, ndiye anamuitanira kunyumba. Anabwera atapinda buluku mpaka m'mawondo, nsapato zili kumanja, poti komboni yonse inali madzi okhaokha. Anandiuza kuti ndidutsitse dzanja pamutu ndigwire khutu. Ndinaligwira.

"Uyu wakula," anatero. "Malo yazapezeka, mayo, osadandaula."

Akunena zimenezo mphuno ili kumbaula. Basitu, kuyambira pamenepo Lachiwiri ndi Lachisanu masana anali pampando wathu, osaitanidwanso.

Amayi anga aja ankadziwa kuphika popanda chophika. Kumsika ankapita ogulitsa akulongedza, n'kutenga matimati ophwanyika amene eni ake atopa nawo. Kapenta wathunthu sankamugula ayi. Ankapempha zotsalira pansi pa thumba, timitu ndi fumbi, n'kupeta mchenga, n'kusakaniza ndi nsinjiro. Za masamba, bondwe tinkathyola kuseri kwa nyumba, chibwabwa pampanda wa eni. Saladi, mafuta ophikira aja, ankayeza ndi kotsekera botolo, kamodzi kokha, n'kuthira pomaliza kuti ndiwo ziwale pamwamba. Fupa la kubutchala linkagwira ntchito masiku atatu: lero msuzi, mawa m'nyemba, mkuja m'kabichi, mpaka galu kulinunkhiza n'kulisiya. Koma fungo lake, inu! Oyandikana nafe ankaganiza kuti tadyera mwayi. Ndiye ndikamva akazi a zidzukulu zangazi akuti "kulibe vophika" firiji ikulira pakona, ndimangolavula malovu.

Tinali ndi nkhuku imodzi yoikira. Dzira lake lonse linkathera m'mbale yamaluwa, lokazinga ndi anyezi. Ine ndi mng'ono wanga tinkaima pakhomo n'kumaperekeza mbamu iliyonse ndi maso. Mwamuna wamkulu, wataye pakhosi, kudya ana a eni akumeza malovu, osasiyako ngakhale kakumbali! Akamaliza ankapukuta mbale ndi chala, n'kutokosa mano ndi kamtengo ka machesi ngati wadya nyama.

"Mumaphika, mayo. Koma kanyama nako kangachite bwino."

Amayi ankagwada n'kumuthira madzi m'manja. "Tizayesa, ba Ticha."

Ndakhala zaka zambiri, ndaona akuba a mitundumitundu. Wothyola chitseko ndimamupatsako ulemu, poti iye sayembekezera kuti umusambitse m'manja.

Januwale atafika anamata maina pakhoma la sukulu. Tinapita m'matope, ine nditavala diresi lochapa. Amayi sankadziwa kuwerenga, ndiye anapempha mayi wina kuti awawerengere. Anawerenga kuyambira pamwamba mpaka pansi. Amayi anati abwerezenso. Langa munalibe. Koma la mwana wa mwini butchala linalimo, kamwana koti dzanja silinkafika n'komwe kukhutu. Kumene ife tinkagula fupa, n'kumene kunkachokera mwendo wathunthu wa mbuzi wopita kwa ba Ticha.

Tinakumana naye pageti. Sanachite ndi manyazi omwe. "Chaka chamawa, mayo." Chaka chamawacho iye anali atasamukira kwina, ine ndili ndi beseni la malasha pamutu. Mpaka lero ndikapita kuchipatala kapena kovota ndimadinda chala.

Lachisanu lotsatira amayi anaphika monga mwa masiku onse: bondwe wotendera, dzira la anyezi. Anaika m'mbale yamaluwa n'kundipatsa ine.

"Ba Ticha sabwera?" ndinafunsa.

"Sazabweranso. Idya."

Ndinavina, ine! Ndinazungulira mbaula ndikuomba m'manja, mng'ono wanga akunditsatira. Dzira lija tinagawana, mbali yaikulu ndinatenga ndine, mbale ndinaipukuta ndi chala monga ankachitira mwini wake. Amayi anakhala pakhomo, manja ali pamiyendo, osadya, akungondiyang'ana. Ndinadabwa kuti bwanji sakusangalala nane. Ine ndinkaona ngati tsiku limenelo ndapambana.