Shukuru ndi Mpikisano wa Ochedwa

Shukuru Amadu ndinamudziwa akadali ndi tsitsi. Bambo ake anali ndi golosale pa Nsaru, koma iye kugulitsa sopo sikunamukomere, anasankha sipanala. Kwa zaka makumi awiri wakhala akukonza njinga zathu ife akabaza, pa shedi yake pafupi ndi msika.

Kenako kunabwera njinga zamoto. Okwera anatithawa, anzathu ambiri anagulitsa njinga zawo, Shukuru n'kumangokhalira kuingitsa ntchentche. Tsiku lina anandionetsa chikwama chatsopano, nati atseka shedi, apita ku Joni. Ndinada nkhawa. Njinga yanga ndi nkhalamba ngati mwini wake, ndipo matenda ake amawadziwa ndi iye yekha.

M'mawa mwake ndinatulukira pa shedipo ndi thumba la mtedza pa kaliyala, ndikupalasa monga mwa masiku onse.

"Achimwene a Joel," anatero Shukuru, "kodi mukubwera kapena mwaima? Nkhuku yakupitirirani iyo."

"Tayesa iweyo kuyenda chonchi, tione ngati sugwa," ndinamuyankha.

Anayesa, anagwa. Akabaza anzanga awiri anayesanso, nawonso pansi. Anthu anasiya malonda kudzaseka. Shukuru anakhala m'fumbimo nthawi yaitali akuyang'ana khamulo, osasasa n'komwe thalauza.

Loweruka lotsatira analemba mizere iwiri pansi, kutalikirana mapazi makumi atatu. Malamulo ake ndi awa: aliyense anyamule thumba la mtedza, woponda pansi watuluka, ndipo wofika pomalizira ndiye wapambana. Masewerawo anawatcha Wotsala. Anamanga mpanda wa udzu, oonera n'kumalipira pakhomo, mkazi wake Farida akugulitsa samusa. Ena anafuna kumabetcherana, iye anakana. "Ine ndi wa ku mzikiti, juga pano ayi."

Lero amabwera a ku Kabudula ndi a ku Kasiya kudzapikisana nafe. Aliyense amafuna mabuleki ogwira ndi masipoko olimba, ndiye mukuganiza kuti amakonzetsa kwa ndani?

Ine ku sukulu ndinkakhala womaliza mpaka ndinalekezera Sitandade 4, popanda wondiombera m'manja. Pano ndakhala womaliza kanayi, anthu akuimba dzina langa, ndipo matayala onse awiri a njinga yanga ndi a mphoto. Amayi ogulitsa mazira anandiona kuti sindigwa, tsopano amakwera njinga yanga basi. Mmodzi wa iwo, Mayi Salome, amati, "Muchedwe momwemo, a Joel, bola mazira afike." Kwathu tikudya chifukwa cha mnzangayu, ngakhale zinayamba n'kundinyoza.

Dzulo ndinamufunsa za ku Joni. Anandilozera chikwama chija, chili pa msomali mu shedi. Amasungamo wenzulo ndi chingwe choyezera mizere.

"Ndikachoka," anatero, "chitsulo chanucho adzachipirira ndani?"