Kuzungulira Blantyre chifukwa cha kagetsi kamodzi

Ndinatuluka pageti kwathu ku Machinjiri cha m'ma hafu sikisi, Loweruka m'mawa, ndisanamwe ndi tiyi yemwe. Galimoto ndimayendetsayi anandisiyira malemu amuna anga, ndipo ndi imene imatidyetsa. Ndimanyamula ana asanu ndi mmodzi a m'dera lathu kupita nawo kusukulu, masana n'kukawatenga. Kwa masabata awiri padashibodi pankayaka kagetsi kachikasu kooneka ngati injini, petulo naye ankatha ngati thanki yabooka. Dzulo lake mayi wina, pokweza mwana wake, anasuzumira mkati nati, "Amake Tadala, kagetsi aka si kangozi? Kakakhala kakuyakabe Lolemba, wanga azikwera minibasi." Ndinadziwa kuti akachoka mmodzi, enawo atsatira.

Pa Kameza ndinapeza akabaza atadzaza kale msewu, aliyense akuloza kwake. Ndinafika ku Chilomoni eyiti koloko itangodutsa, kwa bambo Chimwala, okonza zamagetsi a galimoto, omwe anzanga akutchalitchi anandilozera. Analumikiza kakompyuta kawo pansi pa chiwongolero, n'kuwerenga akupukusa mutu.

"Mayi, ndani anagwira ekisozi yanu?"

"Inabooka mwezi watha. Ndinakawotcheretsa ku Ndirande."

Anayala katoni pansi, n'kulowa kunsi kwa galimoto. Mawu awo anatulukira komweko. "Apa pamayenera kukhala sensa. Ndi kachipangizo konunkhiza utsi, n'kumauza injini mafuta oyenera kumwa. Anakachotsa, pabowo n'kuikapo bawuti. Ndiye injini ikungomwa mwachimbulimbuli."

Ndinafunsa ngati sangangozimitsa kagetsiko pakompyutapo. Anati angathe, koma kayakanso ndisanafike ndi pamsika pomwe. Sensa analibe. Ndinalipira teni sauzande pongouzidwa dzina la vuto langa, n'kulowera ku Ndirande.

Ku Ndirande Loweruka galimoto imayenda liwiro la wilibala, chifukwa kutsogolo kwako kumakhaladi wilibala. Teni koloko inandipeza ndili pa shedi ya a Lameki, owotcherera aja. Anakweza chigalasi chawo chakumaso, ndipo atandizindikira anamwetulira ngati ndabwera kudzathokoza. Ndinawafunsa za sensa ija.

"Kachitsulo kaja? Aaa, kanachita dzimbiri, kamanditchinga powotcherera. Kalibe ntchito kaja, mayi. Magalimoto ambiri m'tauni muno akuyenda opanda."

"Ndiye kali kuti?"

"Kanapita ndi ogula zitsulo."

Kenako anatenga tepi yakuda pathebulo. "Ndimate pakagetsipo. Simudzakaonanso."

Ndisaname, ndinaiyang'ana tepiyo nthawi yaitali. Ndikanabwerera kunyumba nthawi yomweyo, n'kukachapa, n'kugonako pang'ono. Koma ndinaganiza za tsiku limene injini idzakhale ndi vuto lenileni, ana a eni ali kumbuyo, ine osaona kanthu. Ndinangoti, "Ayi, zikomo." Mphamvu zokangana ndinalibe.

Pafupi ndi shediyo panali mayi wokazinga zigege, yemwe anamva zonse. Ndikugula za faivi handiredi, anandinong'oneza, "Achemwali, pitani ku Bangwe, kuseri kwa msika. Kuli mayi wina amaphwasula magalimoto angozi. Amuna anga ndi kondakitala, zonse amakagula kumeneko."

Ulendo wa ku Bangwe unandidyera maola awiri. Muvi wa petulo unali utagona, choncho ku Limbe ndinaima pamzere wa mafuta, dzuwa likuwotcha denga. Wogulitsa machaja a foni anasuzumira pawindo, n'kuloza kagetsi kaja, n'kundiuza mwachifundo kuti, "Madamu, cheki injini yanu yayaka." Ndinamuthokoza.

Wani koloko ndinafika pa mpanda wa malata wodzaza ndi magalimoto ophwanyika, ena atasanjikizana. Mwini wake, mayi Nasibeko, anali wamfupi, atavala ovolosi ndi duku. Nditawafotokozera, anakhuthula chidebe cha masensa pansi, n'kuyamba kuyesa. Yoyamba pulagi yake inali yosiyana. Yachiwiri waya unali wodukira mkati. Kenako anapita pa galimoto yofanana ndi yanga, yophwanyika kutsogolo konse, n'kumasula ina. Sindinafune kufunsa za amene anali m'menemo.

Anatchula sikisite sauzande. Ndinawauza ntchito yanga, iwo n'kutsitsa kufika fifite. Ndinaganiza kuti zatha, koma atalowa kunsi anaseka moipidwa.

"Wokonza ekisozi wanuyo bawuti sanangoimanga ayi. Anaiwotcherera."

Magetsi m'deralo anali atazima, ndiye makina odulira sakanagwira ntchito. Tinadikira kuti ekisozi izizire, kenako mayiwo anayamba kudula ndi sowo yamanja, pang'onopang'ono, akupumira. Ine ndinakhala pa mpando wakale wa minibasi pansi pa mtengo wa mango, mutu ukuwawa. Pakati pa ntchito anandipempha kuti ndiwagwirire tochi ya foni. Ndinagwada m'fumbi ndi chitenje changa, ndipo kanali koyamba kuona kunsi kwa galimoto imene ndayendetsa zaka zinayi.

Itakwana hafu folo sensa inalowa. Anachotsa waya wa batire, tinadikira pang'ono, n'kubwezeretsa.

"Lizani."

Nditaliza injini, timagetsi tonse tapadashibodi tinayaka, kenako n'kuyamba kuzima kamodzikamodzi. Kachikasu kaja kanatsalira pang'ono, nakonso n'kuzima.

"Musasangalale msanga," anatero mayi Nasibeko akupukuta manja. "Kakapanda kuyaka mpaka kwanu, ndiye kuti zatheka. Kakayaka, mubwere Lolemba."

Njira yonse yobwerera ndinayenda diso limodzi kumsewu, lina padashibodi. Pa bampu iliyonse ndinkayembekeza kuti kayaka. Sikanayake. Nditafika pageti dzuwa lili pafupi kulowa, ndinazimitsa injini n'kuilizanso katatu, kungofuna kutsimikiza. Ndikadali m'galimotomo, mwana wanga Tadala anabwera kudzagogoda pawindo.

Kuyambira tsiku limenelo, makaniko aliyense akamagwira galimoto yanga ndimaima pomwepo, ndipo chilichonse chimene wachotsa, kaya chadzimbiri kaya chothyoka, ndimati andipatse m'manja. Ena amang'ung'udza kuti mayi awa ndi ovuta. Ndimavomera, dzanja ndili chitambasulire.