Khola la Mphaka kwa Doña Casilda

Doña Casilda Peguero sanasamukire m'tauni ayi. Tauni ndiyo inawapeza. Pamene ankakwatiwa, nyumba yawo kunja kwa Santiago inali pakati pa minda ya fodya. Pomwe mwamuna wawo ankamwalira, minda ija inali itasanduka nyumba za mipanda yachitsulo, ndipo a khonsolo anali atalamula kuti derali ndi lokhala anthu basi.

Mayiwa ankadya za makina osokera. Anali ndi nkhuku zazikazi zitatu, Fefa, Rubia ndi Monja, komanso tambala wamatama dzina lake Coronel. Kumeneko nkhuku yopatsidwa dzina silowa mumphika. Ngakhale pa Khirisimasi, pophika msuzi wa nyama wotchedwa sancocho, nyama ankakagula kumsika. Nkhukuzo zinkagona mumtengo wa mapeyala kuseri kwa nyumba, kupatula Monja, amene ankagona m'dengu la zigamba pansi pa makina.

Kenaka mnansi watsopano anakadandaula kuti tambala akudzutsa khanda lake. Uthenga unabwera kuti Lachisanu kufika woyendera, ndipo akapeza "mbalame za m'khola", zonse zichoke. Doña Casilda anasiya kusoka, khofi anazizira m'kapu.

Mlamu wawo Nicomedes, kalipentala wa kuphiri, anatulukira ndi matabwa panjinga yamoto.

"Alamu, pukutani misozi. Anthu a boma amagonja ndi ukhondo. Ndikumangirani khola loti ngakhale bishopu akhoza kugonamo."

"Inuyo? Mpando munandikhomera chaka chatha uja ukutsimphinabe."

"Yotsimphina ndi simenti ya pansi yanuyi, mpando ulibe mlandu."

Zoona n'zoona, khola analimanga lokongola: utoto wobiriwira, kachitseko, ndi timakwerero. Koma nkhuku zinalikana. Akathiramo chimanga, zinkalowa, kudya, n'kutuluka osathokoza. Dzuwa likamalowa, zinazo mumtengo, Monja m'dengu lake.

Lachisanu kunabwera mtsikana wa yunifomu, dzina lake Yokasta. Anamwa khofi amene anam'patsa, n'kupita kuseri. Ataona khola lija anagwira m'chiuno.

"Amayi, mwandipha. Lamulo likukana mbalame za m'khola. Ndikanapeza palibe khola, bwenzi tikukambirana. Koma taonani, mpaka makwerero!"

Doña Casilda anam'yang'ana mlamu wawo diso lofiira. Nicomedes sanamve bwino nkhaniyo, anangomva kuti ntchito yake yatchulidwa.

"Umu mumagona nkhuku zingati?" anafunsa Yokasta.

"Zonse, mwana wanga!" anatero Nicomedes. "Mpaka zimalimbirana malo!"

"Alamu, bodza pakhomo panga ayi," anatero Doña Casilda. "Palibe ndi imodzi yomwe inagonamo. Zitatu zimagona mumtengomo, inayo m'dengu langa."

Yokasta anawerama n'kutsegula kachitseko. Mkatimo munali mphaka wa pakhomopo, atagona chammbali, tiana tobadwa dzulo lake tikuyamwa. Mtsikanayo anaseka mpaka kukhala pansi pa udzu.

"Nanga nkhukuzi mumagulitsa? Kapena mumadya?"

"Iwe, ungadye munthu amene umam'patsa moni ndi dzina m'mawa uliwonse?"

Pamenepo Monja anatuluka m'nyumba, kachigamba kofiira katakola kumwendo, n'kudumphira pamiyendo pa mbuye wake. Yokasta anayang'ana nkhuku, anayang'ana mphaka.

"Ine ndaona khola la mphaka ndi mbalame za mumtengo. Ndikanena zomwezo, poti ndi zimene zilipo. Koma bwana uyu," analoza Coronel, "mlandu wake ndi wina. Phokoso lili ndi lamulo lakelake, ndipo khanda lija nalonso ndi munthu."

Doña Casilda sanatsutse. Ana anabereka asanu, tulo ta khanda ankatidziwa mtengo wake. Madzulo omwewo Coronel anakwera njinga yamoto kupita kuphiri kwa Nicomedes, mutu uli kunja kwa katoni, akutukwana msewu wonse. Mayiwa analira pang'ono, kenaka anakatenga mazira kukapatsa mayi wa khanda lija.

Fefa, Rubia ndi Monja zilipobe. Lamlungu lililonse Doña Casilda amakwera kuphiri kukaona tambala wawo, chimanga chili m'thumba la diresi. Nicomedes amauza aliyense kuti khola lake ndilo linapulumutsa nkhuku za alamu ake.

"Inde," amayankha mayiwa, "poti ngakhale nkhuku zinaona kuti mwamanga ndinu."